Madzi Ofunda a Atelala

Alembi anabwerera ku ntchito patangopita masiku anayi chiikire amuna awo m'manda. Anzawo a mu labu anati afulumira, akanayamba apuma kaye, koma iwo anangovala jasi lawo loyera, n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kenako n'kufunsa ngati mabotolo a madzi a ku hotela afika. Chikwama chawo chinali cholemera kuposa masiku onse, ndipo anachiika pansi mosamala ngati muli mazira.

Dzina loti Alembi anawapatsa ndi malemu omwewo. Mayiwa anali atagwira ntchito yoyeza madzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pamalo pomwe lamulo lalikulu ndi limodzi: chomwe sichinalembedwe sichinachitike. Ukatsegula botolo la mankhwala oyezera, umamatapo katepi n'kulembapo tsiku ndi zilembo ziwiri za dzina lako. Ukasintha kanthu pa makina, katepi. Chizolowezicho chinawatsatira mpaka kunyumba. Chitini cha mchere chinali ndi tepi, babu la pakhonde tepi, ngakhale mswachi. Amuna awo ankauza alendo kuti iwo amagona diso limodzi lili chitsegulire, kuopa kudzuka ndi tepi pachipumi yonena tsiku lomwe adzathe mphamvu.

Amunawo anali telala pa hotela ina yaikulu ya m'tauni. Ankakhala m'kachipinda ka pansi, pafupi ndi kochapira, akusokerera mabatani a yunifolomu ndi kupinda nsalu za pabedi, ndipo aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Anayamba ndi kuzizidwa, n'kumati ndi malungo. Tsiku lachitatu chifuwa chinagwira, lachisanu anayamba kubwebweta, akuitanitsa ulusi wobiriwira kwa anamwino. Lachisanu ndi chitatu anapita. Chinali chibayo. Dokotala wachinyamata yemwe ankawaona anati mumkodzo mwapezeka zizindikiro za tizilombo totchedwa lejionela, ndipo anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, monga amachitira ndi achibale a odwala, kuti tizilomboti timakhala m'madzi, ndipo munthu satitenga pomwa ayi, koma popuma nthunzi yake.

"Ngati ya m'shawa," anamalizitsa Alembi. "Tizilomboti timakonda madzi ofunda. Otentha kwambiri timafa."

Dokotala anawayang'ana, n'kutseka fayilo yake.

Achibale mwini mlandu anamupeza maliro asanathe n'komwe: hotela. Matanki ake akale, mapaipi ake a dzimbiri, kachipinda kaja kodzaza nthunzi ya kochapira. A zaumoyo nawonso anaganiza chimodzimodzi, n'kupita kukatunga mabotolo asanu ndi limodzi. Alembi okha ndi amene ankadziwa kuti pali mpopi wina womwe palibe anauganizira.

Miyezi isanu m'mbuyomo Atelala anapsa phazi. Matenda a shuga anali atawachititsa dzanzi kumapazi, moti tsiku lina anaima pansi pa shawa madzi akuchita kuwira, akuimba, osamva kanthu, mpaka khungu linasupuka. Chilondacho chinatenga milungu isanu ndi iwiri, ndipo ku chipatala anali atayamba kale kutchula zodula. Chitapola, Alembi anayamba kuwasambitsa ndi madzi a mu ndowa, koma bamboyo zinawanyansa. Anati iwo si khanda. Ndiye Loweruka lina Alembi anakwera pa mpando, n'kutsegula kabati ya giza yotenthetsa madzi, n'kupotoza kagudumu kake kuchoka pa madigiri 60 kufika pa 40. Asanatsike, dzanja linachita zake: tepi, nambala, tsiku, zilembo ziwiri.

Ankadziwa. Wina asadzawanenere zoti sankadziwa. Chaka chilichonse ankaimirira pamaso pa ophunzira obwera mu labu n'kuwauza kuti pa 40 m'pomwe tizilomboti timadyera ukwati. Anadziuza kuti azikweza moto kamodzi pa mlungu kuti tife. Anakweza kawiri. Kenako zochita zinachuluka, phazi linali bwino, bambo akuimba m'bafa. Amati tsoka silinunkha, koma ili iwo analinunkhiza bwinobwino n'kutseka kabati.

Tsiku lomwe dokotala uja anatchula dzina la tizilombo, Alembi anakhoma chitseko cha shawa n'kuuza anthu kuti yawonongeka. Giza sanaikhudze, poti umboni sausuntha. M'mawa wa tsiku lobwerera ku ntchitoli anamanga kansalu kumphuno, n'kutunga madzi oyamba kutuluka, osadikira kuti atayikeko, m'botolo lokhala ndi kaufa koyera kopha mphamvu ya kolorini. Ndi omwe ankalemeretsa chikwama chija.

Mabotolo onse a mu labu ankalowera pa windo la bambo wina wachikulire yemwe ankangodziwika kuti Apawindo. Ntchito yawo inali kuchotsa mayina, kupereka manambala, n'kulemba m'buku lawo kuti nambala yakuti ndi madzi a uje. Woyeza sankayenera kudziwa madzi ndi a ndani, chifukwa diso la munthu limaona zomwe mtima ukufuna. N'chifukwa chake abwana analola kuti Alembi ayeze madzi a ku hotela ngakhale womwalirayo anali mwamuna wawo. Komanso, kunena zoona, panalibe wina wodziwa ntchitoyo ngati iwo.

Alembi anaika botolo lawo pambali pa asanu ndi limodzi aja.

"Awa ndi a kuti, mayi?" anafunsa Apawindo.

"A kwathu."

Apawindo, omwe pakamwa pawo sipankauma nthabwala, anangoti alibe fomu yake. Alembi anatulutsa fomu yolembalemba kale, yosalakwika paliponse. Bamboyo anaiwerenga kawiri, n'kukoka katani ya pa windo. Patapita kanthawi anatulutsa mabotolo asanu ndi awiri ofanana ngati ana a mimba imodzi, nambala 1 mpaka 7.

Ntchitoyo manja ankaidziwa okha. Lita iliyonse anaisefa pa kapepala kopyapyala kogwira tizilombo. Zotsalira pa kapepalako anazisambitsa ndi mankhwala owawasa kuti tizilombo tina wamba tife, n'kuzipaka pa timbale tokhala ndi phala louma, lakuda bii chifukwa cha makala. M'phalamo ankathiramo madontho a m'kabotolo kena kosungidwa mu firiji, chifukwa lejionela n'kachilombo kosankha zakudya ngati mwana wa bwana, popanda kadontho kameneko sikamera. Anaona tsiku lotha mphamvu la kabotoloko, n'kulilemba. Kenako timbale tonse tinalowa m'kabati yofunda yomwe a mu labu ankaitcha Thadzi, poti ntchito yake ndi kufungatira. Zikalowa mu Thadzi, ndi masiku khumi. Mabwana a mahotela ankaimba foni tsiku lachiwiri kufunsa zotsatira, ndipo Apawindo ankawayankha onse mofanana, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Alembi sanalire pa maliro, ndipo sanalire masiku amenewa. Anthu ankati ndi mayi wolimba mtima. Sikunali kulimba. Ankadya osamva mchere, ankakwera basi n'kupitirira pa siteji yawo. Kale, Lamlungu lililonse, ankatenga kaphini n'kumagunda mapazi a amuna awo apa ndi apa, akufunsa ngati akumva, bamboyo n'kumangopukusa mutu akuseka. Tsopano anthu akamawapepesa zinkakhala chimodzimodzi: ankaona kuti pakugundidwa, koma osamva.

Kunyumba anthu onse anali atabalalika, kupatula awiri. Alamu, mng'ono wa malemu, anatsala kuti alondole nkhani ya hotela. Anali munthu wokonza chilichonse, wailesi, njinga, maukwati a anthu, ndipo zambiri mwa izo zinkatuluka m'manja mwake zili ndi vuto latsopano. M'mawa uliwonse ankapita kukaima pa geti la hotela n'kumauza alonda kuti mlandu suwola. Akabwerako ankapempha kiyi wa shawa kuti aione. Kiyiyo ankagona m'thumba la jasi loyera ku labu.

Winayo anali apongozi, mayi a Atelala, gogo wamfupi wa mawu ochepa. Alembi amayi awo owabereka anamwalira iwo ali ku pulayimale, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri munthu yemwe ankamuitana kuti amayi anali ameneyu. Banjali silinakhale ndi mwana. Achibale atayamba kunong'onezana zoti Atelala apeze mkazi wina, gogoyu ndi amene anawatseka pakamwa, n'kunena kuti iye anapita kukatenga mwana wamkazi, osati nkhuku yoikira mazira. Tsopano mwamuna kulibe, mwana kulibe. Chomwe chinkawalumikiza Alembi ku banja limeneli, ndiponso ku munthu aliyense pa dziko, chinali mawu awiri a gogoyu: mwana wanga.

Poti shawa inali yokhoma, apongozi ankasamba madzi a mu ndowa. Madzulo aliwonse dzuwa lisanalowe Alembi ankawiritsa ketulo, n'kusakaniza ndi ozizira m'kachipinda kochapira ka kuseri. Gogoyo akalowa ankaitana nthawi zonse. "Mwana wanga, dzandiyesereni madziwa. Dzanja lanu ndi lodziwa." Alembi ankapinda mkono wa bulauzi, n'kuviika chigongono, n'kunena kuti ali bwino.

Tsiku lachitatu mu Thadzi munalibe kanthu. Lachinayi, chimodzimodzi. Lachisanu, pa mbale nambala 3 panaoneka timadontho totuwa, tating'ono ngati mitu ya maphini. Alembi anaika mbaleyo pansi pa makina okulitsa. Timadonthoto tinkanyezimira ngati galasi loperapera, m'mphepete mwake mofiirira pang'ono. Chinthu choyamba chomwe chinabwera m'mutu mwawo chinali chakuti n'tokongola, ophunzira akanati aone. Anachita manyazi ndi ganizolo, koma manyazi akenso anali akutali, ngati a munthu wina.

Anawerengera ngati wa juga. Mabotolo a hotela asanu ndi limodzi, lawo limodzi. Nambala 3 ikhoza kukhala ya aliyense.

Anatola kadontho kamodzi n'kukapaka pa timbale tiwiri, kena kokhala ndi chakudya chapadera chija, kena kopanda. Patapita masiku awiri, pa kokhala ndi chakudya panamera, pa kopanda panali mbee. Panatsala mankhwala omaliza, a madzi abuluu. Anadontheza pa kakhadi koyera, n'kusakaniza ndi tizilomboto, n'kumapendeketsa kakhadiko uku ndi uku akuyang'ana wotchi. Mphindi isanathe, madzi abuluu aja anatungana timibulu ngati mkaka wothira ndimu. Kadontho kofananitsira ka pambali kanakhalabe kosalala. Anatsegula botolo latsopano, n'kumatapo tepi, n'kubwereza. Anatunganso.

Madzulo a tsikulo, chigongono chili mu ndowa, apongozi anayamba kulankhula ali chikhalire pa kampando. Anati mwana wawo anawaimbira foni mwezi wathawo, akuseka ngati mnyamata. Anati, amayi, Alembi andikonzera madzi, tsopano ndimasamba ndekha ngati mwamuna, ndimakhalamo mpaka nyimbo zonse zithe.

"Munamupatsa ulemu wake," anatero gogoyo. "Ine zimenezo sindidzaiwala."

Alembi anati madzi ali bwino, n'kutuluka. Anakaima m'khitchini akuyang'ana chitini cha mchere mpaka mkono unauma wokha.

Akanatha kufunsa buku la Apawindo tsiku lomwelo, koma lamulo limati masiku khumi, chifukwa tina timachedwa kumera. Ndiye anadikira. M'mawa uliwonse ankatulutsa timbale tisanu ndi kamodzi tija n'kumatiyang'anitsitsa pansi pa nyali. Zaka zonsezi ankakondwa mbale ikatuluka yopanda kanthu, chifukwa ndiye kuti anthu ena kwinakwake akusamba mwamtendere. Tsopano ankapempha kuti kamodzi kokha kamere, nambala 3 isakhale yokha. Palibe kanamera. Anaonanso kuti chiyambire tsiku lachisanu lija Apawindo anasiya kuwaseka za nsapato zawo zakuthwa, ndipo akakumana pa khonde bamboyo ankapeza chochita ndi foni yake.

Tsiku lakhumi, nthawi ya nkhomaliro ena atatuluka, Alembi anapita pa windo ndi pepala la zotsatira. Apawindo sanatsegule n'komwe buku.

"Ndi lanu, mayi."

Alembi anagwedeza mutu. Anadikira kuti mwina amva kanthu mumtima. Palibe chinachitika. Kunja galimoto ina inkabwerera m'mbuyo ikulira.

Apawindo anayamba kulankhula msangamsanga, motsitsa mawu. Anati tizilomboti timapezeka m'nyumba zambiri, ndipo kutipeza m'shawa si umboni woti ndi tomwe tinalowa m'chifuwa cha malemu. Alembi anati akudziwa, amaphunzitsa zimenezo. Bamboyo anati mwinanso a hotela anathira mankhwala m'matanki a zaumoyo asanafike. Alembi anati mwina. Kenako Apawindo anatsegula buku, n'kuika chala pa mzere wachitatu.

"Botolo ili palibe anatituma. Ndikhoza kujambula mzere apa, n'kulemba kuti linagwa pansi. Madzi akatayika saoleka, mayi. Pitani mukakweze moto, musinthe mutu wa shawa, nkhani ithere pano. Ine chaka chamawa ndikupuma, ndipo ndayamba kale kuiwalaiwala."

Alembi anayang'ana mzerewo. Zinali zotheka. Alamu akanapitiriza kutukwana geti la hotela mpaka atatopa. Apongozi akanabwerera kwawo, n'kumaimba foni Lamlungu lililonse monga kale, mwana wanga mwadzuka bwanji. Iwo akanakalamba ali ndi mayi. Ankazifuna zimenezo, ndipo pa masiku onsewa chinali chinthu choyamba chomwe anamva kuti akuchifuna.

Koma pepala linali m'manja, ndipo pansi pake panali kabokosi ka woyeza kopanda kanthu. Sikunali kulimba mtima, kapena chilungamo chomwe amalalikira anthu. Kungoti dzanja lija, pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, linali lisanasiyepo kabokosi kopanda kanthu. Anabwereka cholembera cha Apawindo, n'kulemba tsiku ndi zilembo ziwiri. Anapempha kope limodzi loti apite nalo.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Pa khonde la m'kati anapeza alamu ali pa mpando, mutu uli m'kabati ya giza, apongozi atawagwirira mpandowo. Munthuyo anali atatopa kupempha kiyi, ndiye anaganiza zoyambira ku gwero. Alembi anafunsa ngati wina watsegula shawa. Anati ayi, chitseko chikadali chokhoma.

"Komatu palibe chawonongeka apa, mlamu," anatero alamu akutsika. "Wina anangotsitsa moto basi." Pa chala chawo chachikulu panali patamatirira katepi koyera, kopindika m'mphepete chifukwa cha kutentha. Anakatambasula n'kuwerenga nambala ndi tsiku. "Si dzanja lanu ili?"

"Ndi lake," anayankha apongozi monyadira. "Anachitira phazi la mkulu wako."

Alembi anawapempha kuti akhale pansi. Anatulutsa pepala lija n'kuliika pa tebulo, ndipo alamu, posowa poika katepi, anakamata pambali pake. Zilembo ziwiri apa, zilembo ziwiri apo, zopendekera mbali imodzi. Apongozi anati magalasi awo ali kuchipinda, awawerengere. Alembi anawerenga ndi mawu omwe ankawerengera mabwana a mahotela pa foni. Mabotolo asanu ndi limodzi a ku hotela, palibe chopezeka. Botolo la m'shawa ya nyumba ino, tizilombo tapezeka, tochuluka. Kenako anafotokoza za 60 ndi 40, za nthunzi, za munthu wa shuga yemwe amakhala m'bafa mpaka nyimbo zonse zithe. Ananenanso zomwe ananena Apawindo, kuti umboni wake si wathunthu, chifukwa nazonso zinali zoona.

Alamu anatenga chipewa n'kutuluka panja, ndipo anamveka akukankha njinga yomwe sinawalakwire.

Apongozi anakhala akuyang'ana katepi kaja. Anakasalaza ndi chala kuti kagone bwino pa tebulo.

"Pomwe munkapotoza paja," anafunsa, "munkadziwa kuti madzi otero amasunga zimenezi?"

Panali mayankho ambiri, ndipo onse anali oona. Chilonda chija. Mawu oti kudula. Kawiri kaja anakweza moto.

"Ndinkadziwa, amayi."

Gogoyo sanakuwe, sanatukwane. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu yemwe wauzidwa mtengo wa chinthu chomwe sagula. Anadzuka atagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kulowa kuchipinda, n'kutseka chitseko bwinobwino.

Alembi anakwera pa mpando uja n'kubweza kagudumu pa 60. Dzanja linapita lokha m'thumba kukafuna tepi. Analibweza.

Nthawi yosamba itakwana anapita kukhitchini kuti akateleke ketulo, n'kupeza ili kale pamoto. Apongozi anali ataima pambali pake, thaulo lili paphewa. Itawira anainyamula okha ndi manja awiri, akuyenda pang'onopang'ono, n'kudutsa pafupi ndi Alembi kupita ku kachipinda ka kuseri. Alembi anawatsatira mpaka pa khomo, n'kuima panja. Anamva madzi otentha akuthiridwa mu ndowa, kenako ozizira, kenako otentha pang'ono. Anapinda mkono wa bulauzi mpaka pa chigongono n'kudikira.

Kuitana kuja kwa madzulo aliwonse sikunamveke. Kenako anamva kapu ikutunga, ndi madzi akugwa pa simenti.